Tifunseni: Za mowa wa ku Belgium ndi nyumba zosonyeza mbiri yake

Makalata angapo amene talandira mwezi uno kuchokera kwa owerenga athu a mu Johannesburg ndi madera ozungulira akukhudza nkhani imodzi, ya mowa wa ku Belgium ndi nyumba zimene dzikolo lili nazo zosonyezeramo alendo mmene mowawo umafululidwira. Tawaika pamodzi, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wapabanja, ndimakhala ku Kempton Park ndipo ndimagwira ntchito pa kampani ina yonyamula katundu. Abwana atisankha anthu angapo kuti tikaphunzire ntchito ku Belgium, ndipo tsiku lomaliza tidzakhala omasuka mumzinda wa Brussels. Anzanga agwirizana kale kuti tikaone malo otchedwa Belgian Beer World. Vuto langa ndi lakuti ndine mkulu wa mpingo ndipo mowa sindinaulawepo chibadwire. Kodi malowa ndi bawa chabe imene yapatsidwa dzina laulemu, kapena muli zoti munthu ngati ine n'kuphunziramo? Sindikufuna kukhumudwitsa anzanga, komanso sindikufuna kuti chithunzi changa chikafike kumpingo ndili pamalo osayenera.

YANKHO: Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, koma ine ndikuti pitani nawo anzanuwo. Malo amenewa si bawa, ngakhale kuti padenga pake pali pomwera. Ndi nyumba yophunzitsa anthu mbiri ndi luso, ndipo nthawi yambiri imene mudzakhale mkatimo idzathera pa kuona, kumvetsera, kununkhiza ndi kukhudza zinthu.

Belgian Beer World inatsegulidwa mu Sepitembala 2023 m'nyumba yakale ya msika wa masheya yotchedwa Bourse, imene ili pafupi kwambiri ndi bwalo lotchuka la Grand-Place, ulendo wa mphindi zochepa wapansi. Nyumbayi inamangidwa pakati pa 1868 ndi 1873 motsatira mapulani a katswiri Léon-Pierre Suys, pa nthawi imene akuluakulu a mzinda ankakwirira mtsinje wa Senne pansi pa misewu chifukwa unali utasanduka ngalande ya zonyansa, makamaka mliri wa kolera utapha anthu ambiri mu 1866. Zina mwa ziboliboli zokongoletsa makoma ake anazigwirapo Auguste Rodin ali mnyamata, asanatchuke. Malonda a masheya atasamukira pa makompyuta, nyumbayo inatsala yopanda ntchito yeniyeni mpaka pamene mzinda unaikonzanso. Holo yaikulu ya pansi aliyense amalowa ulere, ndipo chionetsero cha mowa chili m'zipinda za pamwamba, kumene mumalowa ndi tikiti.

Kumwambako mumayamba ndi mbiri: mmene amonke, mabungwe a amisiri a m'mizinda ndi mabanja a kumidzi ankafululira mowa kwa zaka mazana ambiri. Cha m'ma 1900 dziko laling'onoli linali ndi malo ofululira mowa oposa 3,000, moti pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi mowa wakewake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a Germany analanda miphika yamkuwa ya ofulula ambiri kuti akapangire zida, ndipo mabanja ochuluka sanadzukenso. Pambuyo pake makampani aakulu anameza aang'ono mpaka anatsala ochepa kwambiri, koma m'zaka zaposachedwa achinyamata ayambiranso ntchitoyi, ndipo tsopano malo ofululira alipo pafupifupi 400. Munthu wogwira ntchito ya malonda ngati inu apeza zambiri zoti aganizire pa nkhani imeneyi, ngakhale atakhala kuti sakhudza botolo.

Chimene chimasiyanitsa nyumbayi ndi myuziyamu zimene tinazolowera, zongoyang'ana zinthu zotsekeredwa m'magalasi, ndi chakuti mlendo amachita nawo. Mumaona ndi kununkhiza zipangizo za mowa, mumayankha mafunso pa makina okhudza zokonda zanu, ndipo makinawo amakuuzani mtundu wa mowa umene ungagwirizane ndi lilime lanu. Gawo limene ndimaliyamikira koposa ndi chipinda cha zithunzi zoyenda chofotokoza za yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga n'kutulutsa mpweya ndi mphamvu yoledzeretsa. Pamenepo mumaphunzira kuti anthu a ku Belgium amawiritsa mowa m'njira zinayi: ya yisiti wogwira ntchito pozizira, imene imatulutsa mowa wonga Carlsberg kapena Castle, ya yisiti wogwira ntchito pofunda, ya yisiti wobwera yekha ndi mpweya, ndi yosakaniza njirazi. Mayiko ambiri anasiya zinazo n'kutsala ndi imodzi kapena ziwiri, koma iwo anasunga zonse. China chimene chinawathandiza ndi chakuti lamulo la 1516 la ku Bavaria, dera la ku Germany, loletsa kuika china chilichonse m'mowa kupatula madzi, balere ndi maluwa owawa otchedwa hops, silinawakhudze, choncho anali omasuka kuikamo zipatso, shuga ndi zokometsera zina.

Mu 2016 bungwe la UNESCO, pa msonkhano wake wa ku Addis Ababa, linalemba chikhalidwe cha mowa cha ku Belgium pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo linatchula kuti dzikolo limafulula mitundu ya mowa pafupifupi 1,500. Pa mndandanda womwewo pali Gule Wamkulu ndi Vimbuza, pali Tchopa amene analowa mu 2014, komanso nsima yathu imene inalowa mu 2017. Mkhristu amene wapita ku Mua Mission n'kulowa m'nyumba ya Chamare kukaona zigoba za Gule Wamkulu salowa gule chifukwa cha kuonako. Amangotuluka akudziwa bwino anthu amene amakhala nawo. Inunso mudzatuluka mukudziwa bwino anthu amene kampani yanu ikuchita nawo malonda.

Tikiti imaphatikizapo tambula imodzi yolawa padenga, koma palibe amene adzakugwireni dzanja kuti mumwe. Funsani chakumwa chosaledzeretsa, khalani ndi anzanuwo, ndipo muone mzinda wonse uli pansi panu. Za chithunzi, ndi bwino kuuza abusa ndi akulu anzanu musananyamuke kuti ulendo wa kuntchito udzakufikitsani kumalo otere, kuti akachiona asadabwe. Dziwaninso kuti makampani ofulula mowa anatengapo mbali pokonza chionetserochi, choncho chimatamanda mowa kuposa mmene chimafotokozera mabanja amene mowa wapasula. Mbali imeneyo inu monga mkulu wa mpingo mukuidziwa kale. Ndipo kwa wowerenga wina aliyense amene anavutikapo ndi uchidakwa n'kusiya, malangizo anga ndi osiyana: musapiteko, chifukwa fungo ndi zokopa za m'nyumba yotere ndi zamphamvu, ndipo Brussels ili ndi malo ena ambiri oti n'kukaona.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Rosebank. Timagulitsa mowa wa ku Belgium wodula kwambiri, ndipo makasitomala ena amandiuza kuti umafululidwa ndi amonke a Katolika. Kodi n'zoona kuti anthu a Mulungu angafulule mowa? Nanga n'chifukwa chiyani abwana amakalipa ndikauthira m'tambula ina iliyonse?

YANKHO: Achimwene, n'zoona ndithu. Amonkewa amatchedwa a Trappist, ndipo chipani chawo chinayambira ku nyumba ya amonke ya La Trappe ku France. Amatsatira malamulo a Benedikito Woyera, amene amati mmonke azidya za thukuta lake, osadalira zopempha. Nyumba zina zimapanga tchizi, zina buledi, ndipo zina mowa. Ku Belgium nyumba zofulula mowa wovomerezeka wa Trappist zilipo zisanu: Westmalle, imene inayamba kufulula mu 1836, Westvleteren, Chimay, imene inayamba mu 1862, Rochefort ndi Orval. Yachisanu ndi chimodzi, ya Achel, inataya chizindikiro cha mowa wovomerezeka wa Trappist mu 2021 chifukwa amonke omaliza anali atachokapo.

Nkhani ya Achel ikusonyeza kuti malamulo ake ndi okhwima. Kuti botolo likhale ndi chizindikiro cha ngodya zisanu ndi imodzi cholembedwa kuti Authentic Trappist Product, mowawo uyenera kufululidwa mkati mwa mpanda wa nyumba ya amonke, amonke eni ake ayenera kuyang'anira ntchitoyo, ndipo phindu liyenera kupita ku zosowa za nyumbayo ndi ku ntchito zachifundo. Amonke a ku Westvleteren amakana kuchulukitsa mowa wawo ngakhale kuti anthu amaulimbirana dziko lonse; wofuna kugula amayamba walembetsa, n'kukatenga yekha pachipata pa tsiku limene wapatsidwa. Choncho samalani poyankha makasitomala: mowa wonga Leffe uli ndi dzina la nyumba ya amonke, koma umafululidwa ndi kampani yaikulu ya AB InBev, ndipo si wa Trappist. Kasitomala wodziwa zinthu adzakulemekezani mukamuuza kusiyana kumeneku.

Za matambula, abwana anu akunena zoona. Ku Belgium pafupifupi mowa uliwonse uli ndi tambula yakeyake, ndipo si nkhani ya kukongola kokha. Tambula yotambalala kukamwa, yooneka ngati chikho cha kuguwa, imalola fungo la mowa wa amonke kutuluka. Ya Duvel, yonenepa pansi n'kuning'a m'khosi, imasunga thovu lochuluka la mowawo. Mowa wambiri wa mtunduwu umapitiriza kuwira m'botolo, choncho pansi pake pamakhala matsenga a yisiti. Botolo lizisungidwa choimirira, lisagwedezedwe, ndipo pothira muzipendeketsa tambula, kuthira pang'onopang'ono, n'kusiya pang'ono m'botolo kuti kasitomala asankhe yekha ngati akufuna matsengawo. Usakhalenso wozizira kwambiri monga mmene anthu kuno amakondera Castle, chifukwa kuzizira kopitirira kumabisa kukoma kumene munthuyo walipira ndalama zambiri kuti akumve.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi kuchenjeza makasitomala za mphamvu yake. Castle Lager ili ndi maperesenti 5, pamene Duvel ili ndi 8.5, Chimay ya chizindikiro cha buluu ili ndi 9, Westmalle Tripel 9.5, ndipo Rochefort 10 imapitirira 11. Botolo limodzi la Westmalle Tripel likufanana pafupifupi ndi mabotolo awiri a Castle, koma chifukwa limatsekemera komanso limatsika bwino kukhosi, munthu sazindikira mpaka ataimirira. Chimodzi mwa zifukwa zimene mowa wa kumeneko unakhalira wamphamvu chonchi ndi lamulo la 1919, lodziwika ndi dzina la nduna Emile Vandervelde, limene linaletsa kugulitsa mowa wotcheza m'mabawa. Ofulula anaona mpata n'kuyamba kupanga mowa waukali woti ulowe m'malo mwake. Kuno ku South Africa malire a dalaivala wamba ndi magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, ndipo botolo limodzi lotere likhoza kumufikitsa munthu pamenepo. Amonke eni ake patebulo lawo amamwa mowa wina wofooka kwambiri kuposa umene amagulitsa.

FUNSO: Mayi anga kumudzi ku Ntcheu anatilera ndi ndalama za masese. Abwana anga a ku Randburg, amene kwawo ndi ku Belgium, anandiuza kuti kwawonso kuli mowa wowawasa umene saikamo yisiti wogula, ndipo anthu amachokera kutali kukaona mmene amaufululira. Kodi ndi wofanana ndi wa mayi anga?

YANKHO: Amayi, kalata yanu yandisangalatsa kuposa onse, chifukwa mayi anu ndi ofulula a ku Belgium amenewo akugwira ntchito imodzi, ndipo atakumana akhoza kumvana ngakhale popanda womasulira. Mowa umene abwana anu akunena umatchedwa lambic, ndipo umafululidwa mu Brussels ndi m'dera la kumadzulo kwake lotchedwa Pajottenland, m'chigwa cha mtsinje wa Senne.

Chiyambi chake ndi chimodzi. Mayi anu amaviika chimanga, mawere kapena mapira, kuzifunditsa mpaka zitamera, kuziyanika n'kuzisinja kuti apeze chimera. Ofulula a ku Ulaya amachita zomwezo ndi balere. Chifukwa chake ndi chakuti mbewu ikayamba kumera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo popanda shugayo yisiti alibe chakudya. N'chifukwa chake phala limasungunuka n'kuyamba kutsekemera chimera chikangothiridwamo, monga aliyense wophika thobwa amadziwira. Pa lambic amasakaniza chimera cha balere ndi tirigu wosamera, amene amakhala gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo pang'ono.

Akawiritsa madzi otsekemera otuluka mu zosakanizazo, amawakweza m'chipinda cha kudenga n'kuwathira m'chiwaya chachikulu chamkuwa, chotambalala koma chosazama, ndipo amasiya mazenera otsekula usiku wonse. Pamene madziwo akuzizira, yisiti wa mumpweya ndi tizilombo tina tosasitsa timagweramo, ndipo tina timakhala kale m'matabwa a nyumbayo ndi m'migolo. Mmodzi mwa yisiti amenewa asayansi anamutcha Brettanomyces bruxellensis, potengera dzina la mzinda wa Brussels. Ntchitoyi imachitika m'miyezi yozizira yokha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Epulo, chifukwa nyengo ikatentha mpweya umadzaza ndi tizilombo toononga mowa. Masese nawonso amawira ndi kusasa chifukwa cha yisiti ndi tizilombo tobwera tokha, tochokera ku chimera ndi ku mbiya kapena mgolo umene wakhala ukugwira ntchitoyo. Mayi amene amakana kufululira mu chiwiya chachilendo ali ndi chifukwa chenicheni cha sayansi, ngakhale kuti sanachiwerenge m'buku.

Kusiyana kwake kwagona pa nthawi. Masese amamwedwa akali kuwira, ali ndi gaga wake, ndipo pakapita masiku ochepa amasasa kopitirira n'kutayidwa. Lambic amaithira m'migolo ya matabwa n'kuisunga chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Chimene chimaiteteza nthawi yonseyi ndi maluwa a chomera choyanga chotchedwa hops, amene amaletsa tizilombo toipa kuswana. Ofulula lambic amasankha dala hops wokhalitsa, amene kuwawa kwake kunatha koma mphamvu yoteteza ikadalipo. Kenako pamabwera luso lina, la kusakaniza: katswiri amalawa migolo yosiyanasiyana, n'kuphatikiza lambic yatsopano, imene ikadali ndi shuga, ndi yakale, imene ili ndi fungo lokhwima, ndipo zosakanizazo zimawiranso m'botolo kwa miyezi. Mowa umenewo ndiwo gueuze. Akaikamo zipatso zofiira zowawasa za mtundu wa matcheri amapeza kriek.

Wofuna kuona zimenezi ndi maso, osati pa makina, apite ku Cantillon, m'dera la Anderlecht pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Brussels-Midi. Banjali linayamba kufulula mu 1900, ndipo mu 1978 linatsegula malowo kuti akhalenso myuziyamu, pa nthawi imene anthu anali atayamba kunyoza mowa wowawasa n'kumathamangira wotsekemera wa m'mafakitale. Mumayenda pakati pa migolo yeniyeni ndi makina akale amene akugwirabe ntchito, ndipo mumaona maukonde a akangaude amene eni ake sawasesa, chifukwa akangaudewo amagwira tintchentche tobwera ndi zipatso. Kwa ine, munthu amene ali ndi tsiku limodzi lokha achite bwino kuona malo onse awiri: ku Bourse akamve chifukwa chake, ku Cantillon akaone ntchito yeniyeni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi chakuti ofulula lambic anatsala pang'ono kutheratu, koma anapulumuka chifukwa panapezeka anthu oilemekeza, kuilemba ndi kuitetezera dzina m'malamulo, pamene amayi athu ofulula masese amaonedwa ngati anthu ochita ntchito yamanyazi, ngakhale kuti ana ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama za mbiya zawo, ndipo mowa wa dima unalimitsa minda yambiri. Ku Belgium nakonso kuli mowa wotchedwa saison, umene alimi a m'chigawo cha Hainaut ankafulula m'nyengo yozizira kuti antchito a m'munda adzamwe pa nthawi yokolola, ndipo lero umagulitsidwa m'mayiko ambiri. Ngati mayi anu akali moyo, mukapita kumudzi mukhale nawo pansi, mulembe kapena mujambule pa foni ndondomeko yawo yonse: masiku a chimera, muyeso wa ufa, tsiku lophikanso, ndi mmene amadziwira kuti mowa wapsa.

FUNSO: Ife amene sitingakwanitse ulendo wa ku Ulaya, kodi kuno ku Johannesburg kulibe malo otere? Ndine wophunzira za mahotela ndipo ndimakhala ku Braamfontein.

YANKHO: Mwana wanga, analipo. Ku Newtown kunali SAB World of Beer, imene a Nelson Mandela anatsegula mu 1995 pamene kampani ya South African Breweries inkakwanitsa zaka 100. Inkafotokoza mbiri ya mowa kuyambira ku Egypt wakale, mowa wa makolo wa mapira, mpaka mashebini a ku Soweto, koma inatseka zitseko zake zaka zingapo zapitazo, ndipo mzindawu unataya chinthu chabwino. Zimene mungachite tsopano ndi kufunsa malo ang'onoang'ono ofululira mowa, amene achuluka mu Gauteng, ngati amalola ophunzira kukaona ntchito yawo. Ambiri amalandira alendo, ndipo miphika imene mudzaone ikugwira ntchito yofanana ndi ya ku Belgium. Mukhozanso kupempha mayi wodziwa kufulula umqombothi kuti mukaonerere, chifukwa njira yake ili pafupi kwambiri ndi ya masese.

Dziwaninso kuti Belgium siili kutali ndi mowa umene mudzagulitse pa ntchito yanu. Mu 2016 kampani ya AB InBev, imene likulu lake lili mumzinda wa Leuven, inagula SABMiller, kampani imene inali mwini wa South African Breweries, choncho Castle ndi Carling Black Label tsopano zili m'manja mwa kampani ya ku Belgium, yomwenso ndi mwini wa Stella Artois ndi Hoegaarden. Chaka chomwecho kwathu kampani ya Castel ya ku France inagula fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1968 ndipo inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Wophunzira za mahotela ayenera kudziwa eni a zinthu zimene akuika patebulo.

FUNSO: Mchemwali wanga anakwatiwa ku Belgium ndipo watiitana ine ndi mwana wanga wa zaka 16. Ndili ndi pasipoti ya Malawi ndi pemiti yogwirira ntchito kuno. Kodi mapepala ndingakonzere kuno? Mwanayo angalowe m'nyumba zimenezi? Nanga mowa wa mphatso ndingabwere nawo wochuluka bwanji? Ndine mayi wa ku Rosettenville.

YANKHO: Amayi, mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Belgium, imene imalola kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Popeza muli ndi pemiti yovomerezeka, mukhoza kufunsira kuno, kudzera mu ndondomeko ya ofesi ya kazembe wa Belgium ku Pretoria, koma onetsetsani kuti pemitiyo siidzatha ulendo usanathe kapena mutangobwera kumene. Mudzafunika kalata yokuitanani, umboni wa ntchito ndi wa ndalama, ndi inshulansi ya zaumoyo yokwana mayuro 30,000. Mtengo wa viza ya munthu wamkulu unakwera kufika mayuro 90 mu 2024. Kwa mwanayo konzani chikalata chake cha kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya bambo ake ngati iwo sakupita nawo, ndipo yambani msanga, miyezi ingapo ulendo usanafike. Musapereke ndalama kwa munthu aliyense wolonjeza kuti akupezerani viza mwachidule.

Mwanayo akhoza kulowa, chifukwa nyumba zimenezi zimalandira mabanja. Ku Belgium lamulo limalola munthu wa zaka 16 kugula mowa wamba ndi vinyo, pamene mowa wotcheza ndi wa oyambira zaka 18. Kuno ndi kwathu malire ndi zaka 18, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanatsatira a kwathuwo, n'kukambirana ndi mwanayo musananyamuke kuti asadzadabwe akaona anzake a msinkhu wake akumwa. Ngati mchemwali wanu angakutengereni ku Bruges, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima kuchokera ku Brussels, kumeneko kuli Bruges Beer Experience pambali pa bwalo lalikulu la Markt, kumene mlendo amayenda ndi tabuleti yomufotokozera zimene akuona, ndipo ndi yaing'ono, yosatopetsa. Mumzinda womwewo kampani ya De Halve Maan inakumba paipi ya makilomita oposa atatu pansi pa misewu mu 2016, yotumizira mowa kumalo othirira m'mabotolo, pofuna kuti malole asamaononge misewu yakale ya miyala. Mwana wokonda zaumisiri adzasangalala nayo nkhani imeneyi.

Za mphatso, malamulo a kasitomu a South Africa amalola munthu woyambira zaka 18 kulowa ndi malita awiri a vinyo ndi lita imodzi ya mowa wina uliwonse popanda msonkho. Lita imodzi ndi pafupifupi mabotolo atatu a mamililita 330, ndipo mwana wanuyo alibe gawo lake chifukwa sanafike zaka 18. Mukapitirira pamenepo, nenani nokha kwa a kasitomu ku OR Tambo ndipo mulipire msonkho. Mabotolowo asakhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa adzakulandani pachipata cha ndege. Kulungani botolo lililonse m'pulasitiki ndi m'zovala, muliike pakati pa sutikesi, ndipo mukafika kunyumba muliimike pamalo ozizira masiku angapo kuti yisiti akhazikike pansi wolandira mphatsoyo asanalitsekule.